Ana anga amakhoza Life Skills koma akuberanabe: kodi filosofi ndi masewero zingathandize?

Funso lochokera kwa mphunzitsi wa ku Bangwe

"Ndimaphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ina ya boma kuno ku Bangwe, ndipo m'kalasi mwanga muli ana 108. Pamayeso a Life Skills ndi Bible Knowledge amakhoza bwino. Ukawafunsa ngati kuba n'kwabwino, onse amayankha pamodzi kuti ayi. Koma tsiku silidutsa osamva kuti bolopeni ya wina yasowa, wina walandidwa ndalama ya mandasi, wina akumuseka chifukwa yunifolomu yake yang'ambika. Chibalo ndapereka mpaka ndatopa. Mnzanga wandiuza kuti kunja ena amagwiritsa ntchito filosofi ndi masewero pophunzitsa ana makhalidwe abwino. Nditawauza ahedi anati zimenezo zingophunzitsa ana mwano, ayamba kuyankha makolo awo. Kodi zimathandizadi? Nanga ndingayambe bwanji ndi chigulu chonsechi?"

Yankho

Aphunzitsi, "ayi" amene ana anu amayankha pamodziyo ndimamudziwa. Ndamumva m'makalasi ambiri pazaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa aphunzitsi ndi kuwayendera m'sukulu zawo: mawu okoka aja, "ayiii madamu", otuluka pakamwa mutu usanadzuke n'komwe. Anawo sakunama. Akudziwadi kuti kuba n'koipa. Kungoti chimene aphunzira bwino koposa n'chakuti funso likachokera kutsogolo kwa kalasi, yankho lake lili kale m'mutu mwa aphunzitsi, ndipo ntchito yawo n'kulilota. Ikafika buleki, njala yaluma, K500 ya mnzake ikuonekera pachikwama chotseguka, palibe amene akufunsa funso lililonse. "Ayi" uja watsala pabolodi.

Vuto limeneli silinayambire ku Bangwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, Hugh Hartshorne ndi Mark May anachita kafukufuku ku America pa ana oposa 10,000. Ankawaika pamalo oti angathe kubera mayeso, kunama kapena kutenga ndalama, anawo n'kumaganiza kuti palibe adziwe. Anapeza kuti mwana wodziwa bwino malamulo a khalidwe sanali wosiyana kwenikweni ndi mnzake ikafika nthawi yoyesedwa, ndiponso kuti yemweyo wokhulupirika pa ndalama ankatha kubera mayeso. Ndiye malikisi a Life Skills musawadandaule kuti akunamizani. Akuyeza chimene anapangidwira kuyeza, chomwe ndi kukumbukira.

Chimene chikusowa pakati pa lamulo ndi dzanja la mwana ndi zinthu zimene sizilembedwa m'kope. Mwana azitha kuona kuti pano, panopa, pali nkhani ya chabwino ndi choipa. Azitha kumva mumtima mwake mmene zikumupwetekera mnzake. Ndipo pamene zabwino ziwiri zawombana, monga kunena zoona ndi kuteteza bwenzi, azitha kuima kaye n'kuganiza. Sewero limathandiza pa kuona ndi kumva. Mafunso a filosofi amathandiza pa kuganizako. Ndaona anthu akutenga chimodzi n'kusiya chinzake. Sewero lokha limathera m'phwete, mafunso okha amathera m'manja mwa ana asanu olankhula kwambiri aja, ena 103 akuwodzera.

Mawu akuti filosofi asakuopseni, ndipo kwa ahedi mwina ndi bwino osawatchula n'komwe. Palibe amene akuti muphunzitse ana za Socrates, woganiza mozama wakale wa ku Girisi, ndi zaka zimene anabadwa. Njira imene mnzanuyo akunena anaiyambitsa ndi Matthew Lipman, yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Columbia ku New York. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anakhumudwa kuona kuti ophunzira ake, akuluakulu ndithu, sankatha kupereka zifukwa zomveka pa zimene ankakhulupirira, ndipo anaganiza kuti pofika kuyunivesite madzi amakhala atafika kale m'khosi. Analemba nkhani za ana zokhala ndi mafunso ovuta mkati mwake, ndipo mu 1974 iye ndi Ann Margaret Sharp anatsegula likulu la ntchitoyi ku Montclair, m'chigawo cha New Jersey. Kachitidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Ana amva nkhani, apanga okha mafunso, asankha funso limodzi, alikambirana, aliyense n'kumapereka chifukwa cha maganizo ake ndi kumvetsera zifukwa za anzake. Mphunzitsi amaongolera, sapereka yankho.

Mukaziyang'ana bwino, zimenezi ndi bwalo la milandu la kumudzi. Amfumu sayamba ndi chigamulo. Wodandaula alankhule, wodandaulidwa alankhule, mboni, nduna, kenaka wina aponye mwambi, wina aubweze ndi mwambi unzake. Henry Odera Oruka, katswiri wa filosofi wa ku Kenya, anayenda m'midzi kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kukambirana ndi nkhalamba zimene sizinapite kusukulu, n'cholinga choonetsa kuti pakati pawo pali anthu amene samangobwereza mwambo koma amaufunsa ndi kuuyeza. Ifenso tili nawo. Chimene tinalakwitsa m'sukulu n'kusandutsa miyambi kukhala zoloweza: "Perekani tanthauzo la mwambi uwu, malikisi 2." Tayesani tsiku lina kulemba pabolodi kuti "Kupatsa n'kuika", n'kufunsa ana kuti: ngati ndikukupatsa chinangwa changa lero poyembekezera kuti mawa undipatsa chako, ndine wachifundo kapena ndine wakatapila? Nanga wopatsa munthu amene sadzatha kubweza, waika kuti? Mudzaona manja a ana amene chaka chonse sanakwezepo.

Nthano nazo n'chimodzimodzi. Kalulu anakana kukumba nawo chitsime, n'kumabwera usiku kudzamwa madzi atapusitsa alonda. Timamaliza ndi "phunziro lake n'lakuti ulesi ndi woipa", pamene ana onse mumtima akusangalala ndi Kalulu yemweyo. Afunseni zimenezo. N'chifukwa chiyani timamukonda Kalulu chikhalirecho ndi wakuba? Kodi kuchenjera ndi nzeru n'chimodzi? Amene sanakumbe nawo, afe ndi ludzu?

Tsono za sewero, pomwe ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa Amalawi timaganiza kuti sewero timalidziwa kale ndipo pamenepo m'pamene timagwera. Sewero la kusukulu lija mumalidziwa. Mnyamata wavala jekete la abambo ake, wapaka choko kumutu, akudzandira ngati woledzera. Kalasi yonse yagwa ndi kuseka. Wakuba wagwidwa, wamenyedwa, wapita kundende kapena wamwalira, kenaka mtsikana wanzeru uja abwera kutsogolo: "Anzanga, sewero lathu likutiphunzitsa kuti kuba n'koipa." Manja. Ameneyo ndi "ayi madamu" yemwe uja, wangovala jekete. Woipa amaonekeratu kuti ndi woipa kuyambira pamene walowa, choncho palibe mwana amene amadziona mwa iye.

Augusto Boal, katswiri wa zisudzo wa ku Brazil, yemwe anatengera zambiri kwa katswiri wa maphunziro Paulo Freire, anabweretsa njira ina m'zaka za m'ma 1970. Sewero limafika pamene pavuta n'kuima. Woonerera amene akuganiza kuti akanachita bwino amadzuka, n'kulowa m'malo mwa wosewerayo, n'kuyesa nzeru yakeyo pomwepo, osewera enawo osamufewetsera. Kuno kwathu si zachilendo. M'zaka za m'ma 1980 gulu la zisudzo la Travelling Theatre la ku Chancellor College ku Zomba, mmene munali anthu ngati Chris Kamlongera ndi David Kerr, linkapita m'midzi, kuphatikizapo ya m'dera la Liwonde pankhani za umoyo, n'kumachita masewero oti anthu a m'mudzi ankafunsidwa ndi kulowererapo sewero lili mkati. Mabungwe ngati CRECCOM ndi Theatre for a Change agwiritsa ntchito njira zofanana ndi zimenezi m'midzi ndi m'sukulu. Ndipo ana anu anayamba kalekale osaphunzitsidwa ndi munthu. Masanje n'chiyani? Uyu ndi bambo, uyu ndi mayi, uyu ndi fisi, ndipo pakati pa kuphika dothi amakangana kuti bambo weniweni sachita choncho.

Ndikupatseni phunziro limodzi lathunthu kuti muone mmene zimalukirana. Nkhani yake ikhale ya pamzere wa phala, popeza ana ambiri a m'sukulu za mu Blantyre mzere umenewu amaudziwa. Mtsikana wina walandira kapu yake, wakathira m'kabotolo kamene wabisa m'chikwama, wabwereranso pamzere n'kulandira kachiwiri. Kunyumba wasiya mng'ono wake wa zaka 3 amene sanadye chichokereni dzulo masana, mayi awo apita kukafuna ganyu yochapa. Monita wa kalasi waona zonse. Amakhala moyandikana, ndipo akudziwa mmene zinthu zilili pakhomo paja. Phala latha ana atatu akumapeto asanalandire. Mmodzi akulira. Aphunzitsi afika: "Monita, pali amene walandira kawiri?"

Pamenepo imitsani. Osapitirira ngakhale ndi liwu limodzi.

Osewerawo aume pamene ali, ngati chithunzi. Muyende pakati pawo, mugwire phewa la mmodzi, anene chiganizo chimodzi chokha cha zimene zili mumtima mwake. Monita, mtsikana uja, mwana wolira uja, ngakhale mayi wophika phala amene wagwira chipande chopanda kanthu. Kenaka tengani mpando muike pakati, mtsikana wa botolo akhalepo, kalasi imufunse mafunso iye n'kumayankha monga mwini nkhani. Apa m'pamene ana amene anayamba ndi kukuwa kuti "wakuba!" amayamba kutsitsa mawu. Mukatero muikenso pampando mwana amene sanalandire uja, chifukwa chifundo chikapendekera mbali imodzi chimaiwala kuti nayenso mwina kwawo sanadye. Ndaona aphunzitsi ambiri akulumpha mbali imeneyi, n'kutuluka ndi kalasi yonse yogwirizana kuti kutenga n'kwabwino bola uli ndi chifukwa. Amenewo angosintha nyimbo yoloweza.

Tsopano funsani amene akufuna kukhala monita. Wina adzanena zoona. Asiyeni osewera apitirize, aone mtsikana uja akuchita manyazi pamaso pa onse, n'kuyerekeza mmene adzayendere limodzi pobwerera kunyumba. Wina adzanama kuti sanaone kanthu. Mwana wanjala uja amufunse kuti, "Ndiye ine ndidye chiyani?" Wina adzati, "Madamu, ndikuuzani patokha." Wina adzapereka phala lake. Atatu kapena anayi akwana. Khoswe wakhala pamkhate, ndipo ana amva okha m'thupi mwawo kuti palibe njira yotulukira osaswa kanthu.

Mukafika apa m'pamene filosofi imalowa, ndipo ilowe ndi mafunso a ana, osati anu. Awiriawiri apange funso limodzi limene yankho lake silili m'nkhanimo. Poyamba adzakupatsani ngati "Kodi mtsikanayo dzina lake ndani?" Musatope, auzeni kuti tikufuna funso loti ngakhale agogo angakande nalo mutu. Pakapita milungu ingapo mudzayamba kumva ena: Kodi kukhala chete n'kunama? Kodi kugawa mofanana ndiye chilungamo, ngakhale wina ali ndi njala yoposa mnzake? Kodi bwenzi lako likalakwa n'kulinenera, ndiwe bwenzi labwino kapena loipa? Lembani anayi kapena asanu pabolodi, avote, mutenge limodzi.

Pokambirana, zida zanu ndi mafunso ochepa obwerezabwereza. Chifukwa chiyani ukutero? Ndani akuona mosiyana? Tapereka chitsanzo. Pali nthawi imene zimenezo sizingakhale zoona? Nanga akanakhala kuti phalalo amakagulitsa, maganizo ako akanasintha? Tanena m'mawu ako zimene wanena mnzakoyu, iye avomereze kuti wamumva bwino. Funso lomalizali ndi lamphamvu kuposa mmene likuonekera, chifukwa ana ambiri, ngati akuluakulu omwe, pamene mnzawo akulankhula amakhala akungodikira mpata wawo. Tsiku lina tikuchita nkhani yomweyi, mnyamata wina wokhala kumbuyo anafunsa kuti kuba ndi kutenga chinthu mwini wake asakufuna, nanga phala likadali mumphika mwini wake ndani? Tinathera piriyodi yonse pamenepo. Mtsikana wina ndiye anamuyankha kuti mwini wake ndi amene ali kumapeto kwa mzere. Ine yankho limenelo ndinalibe.

Chovuta kwambiri pa zonsezi si phokoso la ana. Ndi pakamwa pa mphunzitsi. Tinaphunzitsidwa kuti phunziro lililonse lithe ndi kuomba mkota, ndipo lesoni pulani ili ndi bokosi lake. Mukangonena kumapeto kuti "choncho ana inu, monita anayenera kunena zoona", mlungu wamawa adzakhala chete kudikira kuti madamu anene okha, poti kale lomwe yankho anali nalo. M'malo mwake afunseni kuti ndani wasintha maganizo, ndipo wasintha chifukwa cha mawu a yani. Mwana amene anganene pagulu kuti "poyamba ndimaganiza chakuti, koma mnzangayu wanditsimikizira", muyamikireni kuposa wopambana mkangano.

Jean Piaget, wofufuza za kaganizidwe ka ana, m'buku lake la mu 1932 lonena za mmene ana amaweruzira chabwino ndi choipa, ankafotokozera ana nkhani ziwiri. Mwana wina anaitanidwa kukadya, potsegula chitseko anagwetsa makapu 15 amene sankadziwa kuti ali kuseri. Wina anaswa kapu imodzi yokha akukwera kuti akabe jamu amayi ake atachoka. Ana aang'ono ambiri ankati wolakwa kwambiri ndi wa makapu 15, okulirapo ankayang'ana cholinga. Ofufuza a pambuyo pake anaonetsa kuti ana aang'ono amatha kuona cholinga msanga kuposa mmene Piaget ankaganizira, koma mfundo yake ina idakalipobe: ana amakula pa nkhani ya chilungamo akamakangana ndi anzawo ofanana nawo msinkhu, monga pa malamulo a masewera, kuposa akamangolandira malamulo kuchokera kwa akulu. Imani pafupi ndi atsikana akusewera fulaye kapena anyamata a mpira wachikulunga pamene akutsutsana ngati chinali chigoli. Mudzamva milandu yeniyeni, ya umboni ndi zigamulo zomwe. Nkhani ya makapu ija isandutseni mbale ndi shuga, muyese m'kalasi mwanu, ndi poyambira pabwino.

Za ana 108. Chichokereni 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi otere akhala moyo wathu, ndipo mabuku a Lipman analembedwa poganizira ana ochepa kwambiri okhala mozungulira. Sitingakopere. Tulukani panja, pansi pa mtengo. Ana 15 kapena 20 akhale bwalo lam'kati lolankhula, ena onse bwalo lakunja, koma akunjawo apatsidwe ntchito: gulu ili limvetsere chifukwa chimene chawagwira mtima, gulu ilo lisake mfundo imene palibe waitchula. Pakapita mphindi 10 asinthane ndi ena. Wolankhula agwire chitsononkho, wopanda chitsononkho adikire. Kuti aliyense atengeko mbali, jambulani mzere pansi: ovomereza mbali iyi, otsutsa mbali iyo, osatsimikiza pakati, ndipo aliyense ali ndi ufulu wosamuka akamva chifukwa chomugwira. Mwana wamanyazi amene sangalankhule amalankhula ndi miyendo. Kamodzi pamlungu n'kokwanira, ndipo simufunika piriyodi yatsopano. Sewero lili kale mu Expressive Arts, kupanga ziganizo kuli mu Life Skills, kumva ndi kulankhula kuli m'phunziro la Chichewa. Mukalumikiza mapiriyodi awiri zimayenda bwino. Ndikudziwa kuti m'makalasi apamwamba ngati Sitandade 5 mabuku ndi mayeso zili m'Chingerezi, koma zokambiranazi zichitike m'Chichewa, ndipo wofuna kuponyamo mawu a Chiyao, Chilomwe kapena Chisena aponye. Mwana sangaganize mozama m'chilankhulo chimene akuopa kuchiphwanya.

Tibwere kwa ahedi. Nkhawa yawo musaipeputse, chifukwa si yopanda pake. Mwana wophunzitsidwa kutsutsa koma osaphunzitsidwa kumvetsera amakhaladi wamwano, ndipo makolo akadzabwera kudzadandaula, adzafikira kuofesi kwawo osati kwa inu. Koma kutsutsa ganizo ndi kunyoza munthu n'zosiyana, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene phunziroli limaphunzitsa. Pabwalo munthu amati, "Zikomo amfumu, mawu a akuluwa tawamva, koma mbali inayi sinaoneke bwino." Watsutsa, ulemu uli pomwepo. Ana anu aphunzire kalankhulidwe komweko: "Ndamva zimene wanena mnzanga, ine ndikuona mosiyana chifukwa chakuti." Mtundu womwewo umene unati mawu a akulu akoma akagonera ndi umenenso unati safunsa anadya phula.

Ngati ahedi ndi munthu wopemphera, akumbutseni za Natani. Atapita kwa Davide sanayambe ndi kumuwerengera malamulo, amene Davide ankawadziwa bwino lomwe. Anamufotokozera nkhani ya munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, Davide n'kupsa mtima n'kuweruza yekha, kenaka Natani n'kumuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Yesu naye atafunsidwa kuti mnansi wanga ndani, anayankha ndi nkhani ya Msamariya, n'kubweza funso kwa wofunsayo kuti mwa atatuwo mnansi anali uti. M'kalasi mwanu muli Akhristu a mipingo yosiyanasiyana ndi Asilamu. Mwana akati "kwathu kumzikiti amati" kapena "abusa anati", chilandireni ngati chifukwa, kenaka mufunseni kuti akuganiza kuti anatero chifukwa chiyani. Simukugwetsa chikhulupiriro chake, mukumuthandiza kuchimvetsa.

Pali china chimene ine ndimachiona cholemera kuposa mwano. Mwana amene waphunzira kuti ulemu ndi kukhala chete pamaso pa wamkulu aliyense, ndi amene sanganene kanthu pamene wamkulu wina wamuitanira kuseri kwa nyumba. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, limene dziko lathu linalivomereza mu 1991, limati mwana ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa nkhani zomukhudza. Izi si za m'mapepala chabe. Mukayamba maphunziro otere, tsiku lina mwana adzatsalira anzake atatuluka n'kukuuzani zimene zikumuchitikira kunyumba. Konzekeranitu. Dziwani amene mungamuuze pasukulupo, gwirizanani ndi amayi a Mother Group, ndipo nambala yaulere ya 116 yothandiza ana ikhale m'mutu mwanu.

Musamvenso ngati ndikuti chilichonse n'chokambirana. Mwana akanena kuti mnzake wachialubino si munthu, kapena kuti mtsikana kumumenya palibe vuto, simukhala chete n'kumati maganizo onse ndi ofanana. Mufunseni chifukwa, anzake amuyankhe, ndipo nthawi zambiri amamuyankha bwino kuposa inu. Koma akapanda kutero, nenani poyera kuti m'kalasi muno zimenezo ayi, ndipo perekani chifukwa chanu monga mmene mumafunira kuti iwo azipereka. Mafunso otseguka ndi a pamene zabwino ziwiri zalimbana. Nkhanza si imodzi mwa izo.

Ndikuuzeni pamene ine ndinapsa. Ndikuyamba kumene ntchitoyi, pasukulu ina, ndinamva kuti m'kalasimo muli mnyamata wodziwika ndi kuba. Mwa nzeru zanga ndinamusankha kuti akhale wakuba m'sewero, ati kuti amve mmene zimakhalira. Kalasi inaseka mpaka misozi, dzina la m'sewero lija linamukakamira, ndipo anajomba masiku angapo. Ndinamuchititsa manyazi pagulu n'kumazitcha kuphunzitsa. Chichokereni pamenepo lamulo langa n'lakuti nkhani isakhale ya munthu wa m'kalasimo, maina asakhale a ana a m'kalasimo, ndipo wovutitsa anzake ngati akusewera, asewere mbali ya wovutitsidwa kapena ya mboni. Sewero likatha, osewera "avule" mbali zawo poonekera, adzikunthe ngati akuchotsa fumbi, anene maina awo enieni, kuti wakuba wa m'sewero asapite naye kubuleki. Samalaninso ndi nkhani zimene zilonda zake sizinapole. Mumzinda muno muli ana amene anataya abale pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, ndipo ena anasamukira m'madera ngati kwanuko. Sewero la madzi osefukira kapena la maliro, kwa iwo si sewero.

Mwafunsa ngati zimathandizadi. Ndikuyankhani mosakometsera. Ku England bungwe la Education Endowment Foundation linayesa njira ya Lipman m'sukulu 48, ndipo lipoti la mu 2015 linaonetsa kuti ana anapita patsogolo pang'ono pa kuwerenga ndi masamu, ngati miyezi iwiri. Atabwereza m'sukulu zambiri, lipoti la mu 2021 silinapeze kusiyana pa malikisi. Choncho musakawalonjeze ahedi kuti zotsatira za mayeso a MANEB zikwera. Pa za makhalidwe, Moshe Blatt ndi Lawrence Kohlberg anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti ana akamakambirana kawirikawiri nkhani zovuta kuweruza, kaganizidwe kawo pa chabwino ndi choipa kamakhwima. Koma kuganiza bwino si kuchita bwino. Aristotle, woganiza mozama wa ku Girisi, ananena kalekale kuti munthu amakhala wachilungamo pochita zachilungamo, monga mmisiri amakhala mmisiri pomanga. Ndiye zokambiranazo zipeze pogwira m'moyo wa kalasi. Ana apange okha malamulo ochepa a kalasi n'kupereka zifukwa zake. Pakhale katoni ya zotayika imene ana amasinthana kuyang'anira. Wolanda ndalama ya mandasi, m'malo mokatchetcha udzu umene sukumukhudza wolandidwayo, akhale pansi ndi mnzakeyo amve mmene anaswerera ndi njala, ndipo agwirizane kabwezedwe kake. Ndipo inu nomwe, tsiku limene mwakalipira mwana wosalakwa, mupepeseni pamaso pa anzake. Phunziro limenelo limalowa kuposa masewero khumi.

Kuba kwina ndi njala basi, ndipo njala siimva sewero. Mwana amene dzina lake likubwerabwera, fufuzani kaye kwawo musanamuike m'gulu la osamva.

Poyamba, pemphani ahedi milungu 6 yokha, ndipo muwaitane adzaonerere pa mlungu wachitatu kapena wachinayi, osati woyamba. Ngati ndi munthu womasuka, apatseni chipande akhale mayi wophika phala, ana awafunse ali pampando. Sungani kope lolembamo mafunso amene ana apanga mlungu uliwonse ndi madandaulo amene akufika patebulo panu, kuti pomaliza mudzakhale ndi chowaonetsa. Madandaulowo mwina adzayamba achuluka asanachepe, chifukwa ana amene kale ankangomeza adzayamba kulankhula. Mlungu woyamba udzakhala wa chipwirikiti, ena adzangofuna kuvala jekete ndi kudzandira. Mphunzitsi wa kalasi yoyandikana nayo muchenjezeni dzulo lake, kapena sankhani mtengo wa kutali ndi mawindo ake.